Namgumi wopha munthu aphedwe?

FUNSO: Akonzi, ndaona pa Facebook kuti namgumi wa mtundu wa orca anapha womuphunzitsa ku America koma sanamuphe. Kuno ng'ona ikagwira munthu mu Shire timafuna iphedwe basi, nanga uyuyu bwanji? Wowerenga, Mangochi.

YANKHO: Achimwene, ameneyo ndi Tilikum, anapha mayi womuphunzitsa ku SeaWorld, malo oonetsera nyama za m'madzi mumzinda wa Orlando, mu 2010. Koma taganizani, anamugwira ali mwana ku Iceland mu 1983 nkumutsekera m'thanki, chinyama chozolowera kuyenda mtunda wautali ndi abale ake, mutu ungayende bwino? Zimandiwawa ine, sanayenere kuphedwa ayi, ndipo anafa yekha mu 2017. Kungotaya anamgumi oterewa m'nyanja nakonso nkovuta, wina wotchedwa Keiko anamumasula koma ankangofunabe anthu mpaka anafera ku Norway mu 2003. Bola kuwatchingira malo aakulu m'nyanja momwemo, anthu asamalowenso nawo m'madzi, zogwira ena zitheretu.