Kodi "eli" wa m'mayina a m'Baibulo anachokera kuti?

FUNSO: Akonzi, mayina ambiri a m'Baibulo amathera ndi "eli": Danieli, Samueli, Beteli, Imanueli. Kodi pali chifukwa chake? Mnzanga wina akuti limeneli ndi dzina la mulungu wa Akanani. Zoona?
Wowerenga wa ku Ntcheu

YANKHO: Chifukwa chilipo ndithu. Mawuwo pa Chiheberi ndi El, kutanthauza mulungu, ndipo "i" wakumapetoyo timawonjezera ife poti mawu achichewa sathera ndi konsonanti. Danieli ndiye kuti "Mulungu ndiye wondiweruza", Beteli "nyumba ya Mulungu", Imanueli "Mulungu ali nafe".

Mawuwa si a Aheberi okha. Zilankhulo zambiri za banja la Chisemiti zili nawo. Ababulo ankati ilu, n'chifukwa chake mzinda wawo ankautcha Bab-ili, "chipata cha mulungu". Pa Chiarabu amati ilah, ndipo akatswiri ambiri amati Allah ndi al-ilah, "Mulunguyo". Ena amati muzu wake unkatanthauza mphamvu, potengera Genesis 31:29, pamene Labani akugwiritsa ntchito el pouza Yakobo kuti dzanja lake lili ndi mphamvu yomuchitira choipa.

Mnzanuyo sanalakwe kwenikweni, koma wanena mbali imodzi. Kuyambira mu 1929, ofukula za m'mabwinja ku Ras Shamra m'dziko la Syria, pomwe panali mzinda wa Ugarit, anapeza mapale adothi olembedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Pamapalewo El ndi dzina la mfumu ya milungu ya Akanani, tate wokalamba wa ndevu zaimvi, mwamuna wa mulungu wamkazi Athirat, amene Baibulo limamutcha Asera. Koma pamapale omwewo mawuwa amatanthauzanso mulungu aliyense. Aisraeli anawagwiritsa ntchito potchula Mulungu wawo: El Elyon, Wam'mwambamwamba (Genesis 14:18), El Roi, Wondiona, monga anam'tchulira Hagara (Genesis 16:13), ndi El Olam, Wamuyaya (Genesis 21:33). Kufanana kwa mawu sikusonyeza kuti ankapembedza mofanana, ndipo musalole kuti wina akuopsezeni nazo.

Amene mukuphunzira Chiheberi chenjerani apa. Mawuwa amalembedwa ndi zilembo ziwiri zokha, alefi ndi lamedi, ndipo kale ankalemba popanda mavawelo. Zilembo zomwezo zikhoza kukhala mawu atatu. Pansi pa alefi pakakhala timadontho tiwiri togundizana cham'mbali, ndi El, mulungu. Pakakhala timadontho titatu, ndi el wotanthauza "kwa" kapena "ku". Pakakhala kamzere kopingasa, ndi al, woletsa, ngati "usa-" wa mu "usaope". Zizindikirozi anaziika Amasorete, alembi achiyuda okopera Malemba, makamaka a mumzinda wa Tiberias, pakati pa zaka za m'ma 600 ndi 900. Wowerenga buku lopanda timadontho akapupuluma amaika Mulungu m'vesi limene likungonena kuti munthu anapita kwa mnzake.

Mukawonjezera "i" wa Chiheberi weniweni, Eli amatanthauza "Mulungu wanga". Ndi mawu oyamba a Salimo 22, amene Yesu anafuula pamtanda, anthu ena n'kumayesa kuti akuitana Eliya (Mateyu 27:46-47).