Kukonza mawu a pakompyuta ndi ndalama zochepa: yankho kwa m'bale wa ku Chilenje

M'bale wina wa ku Chilenje wanditumizira imelo. Iye amakhala pakompyuta ya patebulo tsiku lonse, nyimbo zili m'makutu, madzulo n'kusewerako magemu. Mahedifoni ake ndi aja a magemu a timagetsi tothwanima. Akuti besi imaphimba mawu a woyimba, komanso nyimbo ikasiya amamva kaphokoso ka "sssss" kosatha. Wasunga K1,200, ndiye akufunsa ngati agule ampu (chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu), sound card (chipangizo chotulutsa mawu pakompyuta), kapena mahedifoni ena.

Achimwene, gawo lalikulu la ndalamayo lipite ku mahedifoni. Ampu iiwaleni kaye. Koma musanakwere basi kupita m'tauni, yesani zinthu ziwiri zosalira ndalama.

Zulani mahedifoniwo kutsogolo kwa bokosi la kompyuta, muwalowetse pa kabowo kobiriwira ka kumbuyo. Waya wa kabowo ka kutsogolo amayenda m'kati mwa bokosi pafupi ndi graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi) ndi zina za magetsi, ndipo amatola phokoso m'njira. Nthawi zambiri kungosintha kabowo kumachepetsa kaphokosoko. Mukatero alowetseninso mufoni, muyimbe nyimbo yomweyo. Kaphokoso kakasowa, vuto lili pakompyuta. Besi ikapitiriza kuphimba mawu, vuto ndi mahedifoni. Pa zomwe mwafotokozazi, ndikuona kuti muli ndi mavuto onse awiri.

Kwa anzathu a laputopu, kung'ung'udza kumachokera kawirikawiri ku chaja. Zulani chaja, mumve. Kuyambira 2024, pomwe chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankapita kwa maola ambiri, nyumba zambiri muno mu Lusaka zili ndi ma inverter, ndipo otchipa ena amalowetsa phokoso lawo m'mawu. Limenelo si vuto la mahedifoni.

Kaphokoso ka pakompyuta mankhwala ake ndi kachingwe kakang'ono ka USB-C komwe mbali ina kali ndi kabowo ka 3.5mm. M'kati mwake muli DAC, kachipangizo kosandutsa manambala a m'kompyuta kukhala mawu, pamodzi ndi ka ampu kakang'ono. Kachingweka kamagwira ntchito ya sound card, koma ntchito yonse imachitikira kunja kwa bokosi, kutali ndi phokoso lija. Ka Apple kamagulitsidwa madola 9 ku America, kamagwira pa Windows, ndipo mawu ake ndi oyera kuposa a makompyuta ambiri. Kopangira misika ya ku Ulaya kamatulutsa mphamvu yocheperako. Ngati kompyuta yanu ilibe USB-C, pali kolumikizira kopita ku USB wamba. Chenjezo n'lakuti tizingwe tina totchipa tilibe DAC m'kati, ndi waya chabe, ndipo pakompyuta sitilira n'komwe. Kayeseni pa laputopu ya wogulitsa musanapereke ndalama.

Nanga ampu ndi ya ndani? Pa bokosi la mahedifoni pamalembedwa nambala ya ohm, yosonyeza mmene mahedifoniwo amalimbira kuti magetsi adutsemo. Ambiri a ife tili ndi a 32 ohm kapena cha pomwepo, omwe foni imawakwanitsa. Sennheiser HD 600 ndi a 300 ohm, ndipo Beyerdynamic DT 770 Pro alipo a 32, a 80 ndi a 250. A manambala aakuluwo ndiwo amafuna mphamvu yowonjezera. Mukakweza voliyumu mpaka pamapeto koma mawu akadali pansi, apo ampu ikufunika. Ampu singasinthe mahedifoni oipa kukhala abwino, imangokuza zoipazo.

Tsopano mahedifoniwo, pomwe pagona nkhani. Alipo otseguka kumbuyo ndi otseka. Otseguka, monga Philips SHP9500, kapena otseguka pang'ono monga Superlux HD681 ndi Samson SR850, amamveka motakasuka, zoyimbira chilichonse pamalo pake. Gitala wa kalindula ndi besi yake mumazimva padera, osati zonse mulu umodzi. Pa magemu mumadziwa komwe mapazi a mdani akuchokera. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, makutu satuluka thukuta kwambiri. Kuipa kwake, phokoso la panja limalowa lonse ndipo amene ali pafupi nanu amamva zomwe mukumvera. Ngati mumakhala m'mbali mwa msewu wa maminibasi, kapena aneba ali ndi jenereta, kapena mumagona chipinda chimodzi ndi mng'ono wanu amene akuwerengera mayeso, otseguka akukhumudwitsani. Otseka abwino ndi monga Audio-Technica ATH-M20x, kapena Sony MDR-7506 omwe akhala m'ma studio kuyambira 1991, ngakhale a Sony amenewa atsopano apitirira thumba lanu.

Ine mtima wanga uli pa timahedifoni tolowa m'khutu ta makampani a ku China, monga 7Hz Salnotes Zero ndi Moondrop Chu II. Kunja timagulitsidwa cha m'ma madola 20, titseka phokoso la panja, sitifuna ampu, waya wake ukaduka mumagula wina, ndipo n'topepuka moti wobweretsa katundu kuchokera kunja sakudulani kwambiri pa kulemera. Pa mtengo umenewo sindinamvepo mahedifoni aakulu omveka bwino kuposa timeneti. Anthu ena sapirira kukhala ndi chinthu m'khutu tsiku lonse. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, pitani pa Superlux, ndipo m'tsogolo mudzasinthe mapilo ake a pamakutu achikopa chabodza n'kuika a nsalu yofewa.

Pogula, kaya ku Kamwala, ku Town Centre, m'mashopu a mu Cairo Road kapena kwa munthu wa pa Facebook Marketplace, nyamulani foni yokhala ndi nyimbo zomwe mumazidziwa bwino. Mverani khutu lililonse palokha, gwedezani waya pafupi ndi pulagi, ndipo tsitsani voliyumu muone ngati mbali zonse zikufanana. Mukaona dzina lalikulu pa mtengo wogwa kwambiri, ndi feki. Ogwiritsidwapo kale ntchito musawanyoze, bola mwawayesa, chifukwa mapilo okha ndiwo amatha msanga.

Maikolofoni musade nayo nkhawa. Sungani mahedifoni akale kuti muziyankhulira, kapena gulani kamaikolofoni kopana pa kolala. Za Bluetooth pa ndalama iyi ayi: maikolofoni ikangoyamba kugwira ntchito, mawu amatsika n'kumamveka ngati a pafoni.

Chomaliza ndi chaulere. Mu Windows zimitsani zokometsera mawu zija za 7.1 ndi bass boost. Kenako ikani pulogalamu yosinthira kamvekedwe ka mawu ya Equalizer APO pamodzi ndi Peace yoiwongolera, mufufuze dzina la mahedifoni anu pa webusaiti ya AutoEq, mukopere manambala ake mu pulogalamuyo. Osaiwala kutsitsa preamp, voliyumu ya m'kati mwa pulogalamuyo, monga alembera pa AutoEq, apo ayi mawu azisweka. Nyimbo zanunso zikhale zabwino, chifukwa mahedifoni abwino amaulula chilema cha MP3 yotsika yomwe yadutsa m'mafoni ambiri. Ndipo samalani makutu: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa 80 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu) munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata, ndipo inu mumavala tsiku lonse.

Choncho yesani kabowo ka kumbuyo lero lomwe. Kaphokoso kakatsala, gulani kachingwe ka DAC. Yotsalayo ikani pa timahedifoni ta m'khutu kapena Superlux, malinga ndi phokoso la pakhomo panu. Mukatero mundilemberenso, mundiuze dzina la motherboard yanu (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) ndi zomwe mwagula, tidzakonzere limodzi manambala a Equalizer APO.