Musagule kaye rauta ina, achimwene

Achimwene a ku Lizulu, mwati kompyuta ya patebulo ya mu shopu yanu yosindikiza mapepala imangoduka WiFi kangapo pa tsiku kenako n'kudzilumikizanso yokha, mumagwiritsa ntchito ka dongle ka USB (kachipangizo kobaya pa kompyuta kuti izilandira WiFi), ndipo foni yanu ili pa rauta yomweyo koma ilibe dandaulo. Ndiye mukufunsa ngati mugule rauta ina. Ndalamazo zisungeni kaye. Ngati foni ikuyenda bwinobwino panthawi imene kompyuta yaduka, rautayo mukungoinamizira.

Komabe tsimikizani. Tsegulani kawiri Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo. Koyamba lembani ping 192.168.8.1 -t (ping ndi lamulo loona ngati chipangizo china chikuyankha), imeneyi ndi adilesi ya ma MiFi, timarauta ta SIM khadi, ambiri a Huawei, ndipo ngati yanu ndi ina mukalemba ipconfig muiona pa Default Gateway. Kachiwiri lembani ping 8.8.8.8 -t, imeneyi ndi adilesi ya Google pa intaneti. Zisiyeni ziziyenda inu mukutumikira makasitomala. Ikaduka thamangirani kukaona. Zikasiya kuyankha zonse ziwiri, vuto lili m'shopu momwemo, pakati pa kompyuta ndi rauta. Ikamayankha yoyamba yokha, ndiye kuti ndi netiweki yakunja, ndipo poti kwanuko Mozambique ndi kungodumpha msewu, lowani mu rauta musankhe nokha TNM kapena Airtel, isamangosakasaka yokha n'kugwira netiweki ya ku Mozambique.

Koma ine mtima wanga uli pa ka dongle kaja. Ndikukhulupirira kuti mudakabaya kumbuyo kwa bokosi la kompyuta, pansi pa tebulo, moyang'ana khoma, pamene pali chipiringu cha mawaya a pulinta. Bokosilo ndi lachitsulo, limatchinga siginolo ya WiFi ngati lata. Ndiye palinso nkhani ya mabowo a USB 3.0, abuluu mkati aja: amasokoneza WiFi ya 2.4 GHz, ndipo a Intel eni ake adafotokoza zimenezi mu 2012. Ngati pafupi pake mwabayapo hard drive, ndiye basi kafooka. Gulani kawaya kowonjezera ka USB ka mita imodzi, mukabaye pa bowo lakuda, ka dongle kakhale pamwamba pa tebulo pamene kakuonana ndi rauta.

China ndi chimene chidandidyera sabata yathunthu pa kompyuta ya mlamu wanga kuno ku Dedza boma. Windows imakagoneka ka dongle akuti posunga magetsi, pa makina oti alibe ndi batire lomwe! Pitani ku Device Manager, Network adapters, dinani kawiri pa dzina la ka dongle kaja, pa Power Management muchotse chongi pamene palembedwa kuti "Allow the computer to turn off this device to save power". Ku Power Options zimitsaninso USB selective suspend. Kwa alamuwo mankhwala adali omwewa, sitinagule chilichonse.

Zikakanika, onani dzina la chip mu Device Manager momwemo, nthawi zambiri mupeza Realtek kapena MediaTek, mukatenge driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizocho) yatsopano kwa amene adapanga dongle-yo. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi aja asiyeni, amabwera ndi zinyalala. Ngati rauta ndi dongle zonse zili ndi 5 GHz ndipo zili m'chipinda chimodzi, samukirani kumeneko. Apo ayi, pa 2.4 GHz yesani chanelo 1, 6 kapena 11, makamaka tsiku la msika pamene aliyense wayatsa hotspot.

Kunena zoona, kompyuta ya patebulo siyenda. Ngati rauta yanu ili ndi bowo la LAN kumbuyo, waya wa Ethernet umafika mpaka mamita 100 osavuta, ndipo ine ndikanangokhomerera waya m'mbali mwa khoma n'kuiwala za dongle. Mutiuze zimene ma ping aja aonetse, ndiponso ngati rautayo ili ndi bowo limenelo.