Kodi kuima kwa xingyi kumaphunzitsa munthu kumenyana?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu amene akugwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg. Akuti papita miyezi ingapo chiyambireni kuphunzira xingyiquan (mwachidule xingyi), luso lakale lomenyana la ku China, kwa mphunzitsi wina kumeneko, koma chimene amachita kwambiri n'kuima malo amodzi atapinda mawondo, dzanja lili kutsogolo, mpaka miyendo kunjenjemera. Mnzake amene anayamba nkhonya nthawi yomweyo akumenyana kale mu ringi. Ndiye waonanso pa YouTube akatswiri a tai chi, luso lina la ku China lofanana nalo, akugwetsedwa mosavuta. Funso lake ndi ili: "Kodi ndikutaya nthawi? Zimenezi zingandithandize pa ndewu yeniyeni?"

Achimwene, nthawi simukutaya, koma kuima kokhako sikudzakuphunzitsani kumenyana. Kuima kumakonza thupi. Kumenyana kumaphunziridwa pamaso pa munthu amene akukana, amene akufuna kukumenyani inuyo. Mukapeza ziwirizi pamodzi muli pabwino. Vuto ndi loti masukulu ambiri masiku ano amaphunzitsa choyambacho basi, n'kumalonjeza chachiwiri.

Mavidiyo mwaonawo ndi enieni, ndipo sindikufuna kuwachepetsa. Mu Epulo 2017, mumzinda wa Chengdu ku China, Xu Xiaodong wa MMA, masewera omenyana osakaniza maluso osiyanasiyana, anamenyana ndi Wei Lei, amene ankadzitcha katswiri wa tai chi. Sipanathe masekondi 20, Wei Lei anali pansi akudziphimba kumutu. Mu Meyi 2020 ku Zibo, m'chigawo cha Shandong, Ma Baoguo, bambo wa zaka pafupifupi 70 amenenso ankadzitcha katswiri wa tai chi, anagwetsedwa katatu m'masekondi 30 ndi munthu amene sanali n'komwe katswiri wolipidwa. Mukaoneranso, musayang'ane womenyayo, yang'anani womenyedwayo. Nkhonya yoyamba ikangofika, chibwano chimakwera m'mwamba, manja amatambasuka mwachisawawa, mapazi amabwerera m'mbuyo molunjika. Zonse zimene anaphunzira zaka zambiri zimatha nthawi yomweyo. Umo ndi mmene amachitira munthu aliyense amene sanazolowere kuponyeredwa chibakera kumaso, kaya ndi wa tai chi kaya sanaphunzirepo kalikonse. Ena amati Wei Lei sanali wa tai chi yeniyeni. Mwina n'zoona, koma yankho limenelo silindikhutiritsa, chifukwa aphunzitsi ambiri ochokera m'masukulu odziwika bwino nawonso savala magolovesi kuti ayesane zenizeni.

Kaimidwe kamene mukufotokozako ndi santi shi, muzu wa xingyi yonse. Phazi limodzi kutsogolo, lina kumbuyo litapenya pang'ono kumbali, kulemera kwambiri kwa thupi kuli pa mwendo wakumbuyo. Dzanja lakutsogolo, mphuno ndi zala za phazi lakutsogolo zili pa mzere umodzi. Dzanja lina lili pafupi ndi mchombo, zigongono zagwera pansi, chibwano chabwerera mkati. Pa mphindi yoyamba mumaona ngati palibe chovuta. Pofika mphindi yachitatu ntchafu yakumbuyo yayamba kutentha, mapewa akwera okha kufuna kuthandiza, mpweya wayamba kutsamira pachifuwa, nsagwada zalumana. Ntchito yeniyeni imayambira pamenepo: kutsitsa mapewa aja, kumasula nsagwada, kubweza mpweya m'mimba, koma osasintha kaimidwe. Mukuphunzitsa thupi kusiya kulimbitsa minofu imene sikufunika, kuti katundu anyamulidwe ndi mafupa oyalana bwino ndi miyendo. Taganizirani mayi wosenza ndowa yodzadza madzi kuchokera ku mjigo. Sakhwimitsa khosi, msana wake uli chilili, kulemera konse kukutsikira pansi kudzera m'chiuno, ndipo akuyenda akucheza. Kaimidwe ka xingyi kakufuna thupi lotero.

Phindu lake pa ndewu lilipo, ndipo ndi lenileni. Munthu amene waima bwino kwa nthawi yaitali savuta kumuzindikira mukagwirana naye: mukamukankha mumamva ngati mphamvu yanu ikumira pansi, ndipo akakukankhani iyeyo simumva dzanja lokha, mumamva thupi lonse likubwera nthawi imodzi. Nkhonya yolunjika ya xingyi, imene amaitcha beng quan, imadalira zimenezi. Phazi lakutsogolo limalowa, lakumbuyo limatsatira msanga, chibakera chimafika pamodzi ndi kulemera konse. Guo Yunshen, mmodzi mwa akatswiri otchuka a m'zaka za m'ma 1800, anatchuka ndi nkhonya imodzi yomweyi. Wang Xiangzhai, amene anabadwa mu 1885 n'kumwalira mu 1963, anafika potaya mindandanda ya mayendedwe oloweza n'kuika kuima pakati pa luso lake la yiquan. Choncho mphunzitsi wanu sakukunamizani akamakuimitsani. Akukupatsani chinthu chimene akalewo ankachilemekeza kwambiri.

Koma pali zinthu zimene simungaphunzire mutaima nokha. Mtunda umene uli pakati pa inu ndi mdani, nthawi yoyenera kulowa, kuona phewa likugwedezeka n'kudziwa kuti nkhonya ikubwera, kulewa, kupitiriza kuganiza mphuno ikutuluka magazi, kupuma bwino mtima ukugunda ndi mantha. Zimenezi n'zimene mnzanu wa nkhonya uja akuphunzira sabata iliyonse. Mutati mumenyane lero, ndikukhulupirira kuti apambana ndi iyeyo, ndipo zimenezo zisakukhumudwitseni.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'choti akatswiri akalewo anali anthu a ndewu kale. Xingyi inakula kwambiri m'zigawo za Shanxi ndi Hebei ku China pakati pa anthu olondera katundu wa amalonda m'misewu ya achifwamba, ndipo mayendedwe ake amafanana ndi kabayidwe ka mkondo. Dong Haichuan, amene anayambitsa luso lina lomenyana lotchedwa baguazhang (mwachidule bagua) ku Beijing ndipo anamwalira mu 1882, ankaphunzitsa makamaka anthu odziwa kale luso lina. Wophunzira wake Cheng Tinghua anali katswiri wa shuai jiao, masewera a kugwetsana a ku China, n'chifukwa chake bagua ya mbali yake ili ndi njira zambiri zogwetsera munthu. Tai chi nayo inachokera ku mudzi wa Chenjiagou ku Henan, kumene banja la Chen linkaphunzira pamodzi ndi mikondo ndi malupanga, ndipo Yang Luchan, amene anaiphunzira kumeneko, atapita nayo ku Beijing anadziwika chifukwa chomenyana ndi omuyesa. Anthu amenewa kuima kunkawonjezera pa luso limene linkayesedwa kawirikawiri ndi thupi la munthu wina.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1900. Sun Lutang, amene anaphunzira maluso onse atatu (xingyi, bagua ndi tai chi), anatulutsa buku lake la xingyi mu 1915, ndipo zolemba zake zinathandiza kufalitsa maluso amenewa ngati banja limodzi, lokhudza thanzi ndi kudzisunga kwa munthu. Mu 1928 ku Nanjing kunachitikabe mpikisano waukulu wa dziko lonse womenyana zenizeni. Koma pambuyo pa 1949 boma la China linatembenuzira wushu, kutanthauza maluso omenyana a dzikolo, ku masewera oonetsa, opatsidwa mapointsi chifukwa cha kukongola kwa mayendedwe. Mu 1956 linatulutsa tai chi yofupikitsidwa ya mayendedwe 24 kuti anthu wamba azilimbitsira thupi. Imeneyi ndi imene inafalikira m'mapaki a dziko lonse lapansi, ndipo pa ntchito yake ndi yabwino zedi: okalamba amene amaichita amalimba miyendo ndipo sagwa kawirikawiri. Ine ndimailemekeza. Koma siinakonzedwe kuti ikhale ya ndewu. Kumenyana kunabwereranso mwa njira ina, ya sanda, imene inayamba kuyesedwa mu 1979, ya nkhonya, mateche ndi kugwetsana.

Pa nkhani ya qi, mphamvu imene amati imayenda m'thupi, imene mwina mwaimva m'kalasi: kutentha m'manja, kulemera kwa mikono ndi kunyerenyesa kwa zala mukaima nthawi yaitali zimachitikadi. Koma aliyense wokuuzani kuti angagwetse munthu osamukhudza, kapena kuti luso lake ndi loopsa kwambiri moti silingayesedwe, musamupatse ndalama zanu.

Ndiye chitani izi. Mufunseni mphunzitsi wanu mwaulemu kuti ophunzira ake akale amayeserera bwanji awiriawiri, ndipo mupemphe kuonerera. Ngati mupeza anthu akukankhana modekha, manja atagundana, wina akumvera mphamvu ya mnzake, zimenezo n'zabwino, zimaphunzitsa kumva ndi khungu kumene mnzanu akulowera. Koma muonenso ngati pali tsiku limene amavala magolovesi ndi zoteteza mano, wina n'kuponya nkhonya imene mnzake sanauzidwe. Ngati tsiku lotero kulibe, sikuti muchoke. Pitirizani kuima, koma mupezenso malo a nkhonya, a sanda kapena a kugwetsana, ngakhale kawiri pa sabata, ndipo muwauze aphunzitsi onse awiri poyera. Mphunzitsi wabwino sakwiya nazo. Masabata oyamba mudzamenyedwa, ndipo santi shi yanu idzaoneka ngati yasowa. Pakapita nthawi mudzayamba kuipeza pamene simunkayembekezera, makamaka mukagwirana pafupi, mnzanu akulephera kukusunthani. Mudzaonanso kuti mu ringi simuima motsika ngati m'kalasi, ndipo dzanja lija la pa mchombo liyenera kukwera kuteteza chibwano. Kaimidwe ka m'kalasi ndi kophunzitsira thupi, sikuti mupite nako ku ndewu momwe kalili.

Samalani mawondo. Bondo lizipenya kumene zala za phazi zikupenya, lisagwere mkati. Kutentha kwa ntchafu n'kwabwino, koma ululu wobaya mkati mwa bondo ukutanthauza kuti muimirire ndi kukonza kaimidwe. Mphindi zochepa mbali iliyonse tsiku ndi tsiku zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata.

Mwanena kuti ndinu mlonda, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa funso la ringi. Amene mungakumane nawo usiku ku Johannesburg sabwera mmodzi, ndipo sabwera chimanjamanja. Cheng Tinghua yemwe uja, ndi luso lake lonse, anafa ndi mfuti ya asilikali achijeremani ku Beijing mu 1900. Pa ntchito panu, wailesi yolumikizirana, batani loitanira thandizo, tochi yowala ndi malo oima pamene mukuona msewu wonse zibwere patsogolo. Xingyi ikuthandizeni kukhala ndi miyendo yolimba pa maola ataliatali a usiku, ndi kudzimasula wina akakugwirani mwadzidzidzi, kuti mupeze mpata wothawa ndi kuitana anzanu.