Maphatikizo akwana 5-7-5, koma haiku sikugwira mtima: vuto lili pati?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti wayamba kulemba haiku, ndakatulo zazifupi zochokera ku Japan zija. Akuti amawerengera maphatikizo mosamala, 5 pamzere woyamba, 7 pachiwiri, 5 pomaliza, koma akaziwerenga mokweza zimangomveka ngati chiganizo chimene wina wachidula patatu. Wafunsanso ngati n'kofunika kuti azilemba za maluwa a mtengo wa ku Japan wotchedwa sakura ndi chipale chofewa, zinthu zimene sanazionepo ndi maso. Watumiza iyi kuti ndiione:

Mvula ikugwa
ndiye ndasangalala
kwambiri zedi

Amayi, mwawerenga bwino, palibe phatikizo lotsala kapena loposa. Koma kuwerengako ndi ntchito yomalizira. Zimene zimaimika haiku ndi ziwiri, ndipo zonse zikusowa m'ndakatulo yanuyi: podula, ndi mawu osonyeza nyengo.

Tiyambe ndi podula, poti ndiye nkhani yaikulu. Haiku yambiri imakhala ndi zigawo ziwiri, china chachifupi china chachitaliko, zoikidwa moyandikana popanda kuuza owerenga mgwirizano wake. M'Chijapani muli timawu tapadera togwira ntchito imeneyi, totchedwa kireji, monga ya, kana ndi keri. Ndakatulo yotchuka ya Matsuo Bashō (1644–1694), ya m'chaka cha 1686, imatchula dziwe lakale, n'kuikapo ya, kenaka chule adumphira m'madzi ndipo madzi amveka. Sakutiuza kuti kunali bata kapena kuti iye anadzidzimuka. Alakatuli akale a ku Japan akatchula chule ankatama kulira kwake. Bashō anasiya nyimboyo n'kutipatsa phokoso la madzi, ndipo bata la dziwelo timalimva tokha likabwerera. Ife amene tilibe kireji timadula ndi kamzere, mpatuliro, kapena kungothetsa mzere pa dzina n'kuyamba china.

Ndakatulo yanu yagwa pa mawu akuti "ndiye". Mlumikizi aliyense, kaya ndi "ndiye", "chifukwa", "choncho" kapena "pamene", amasoka zigawo ziwiri zija kukhala nsalu imodzi, owerenga n'kusowa pogwira ntchito. Mwawauza chimene chachitika, mwawauza mmene mwamvera, mwawauzanso kukula kwake. Maphatikizo 12 mwa 17 apita pofotokoza mtima wanu, ndipo m'maso mwathu simunaike chilichonse. Tayesani kufunsa funso ili: mvula itayamba, ndinaona chiyani chimene chinandisangalatsa? Tiyerekeze kuti munaona mwana wathamangira panja osavala nsapato.

Mvula yoyamba—
tinsapato tiwiri
tokha pakhomo

Mawu oti chimwemwe mulibe, ngakhale mwanayo sanatchulidwe. Phatikizo limodzi lokha, ti-, latiuza kuti mwini nsapato ndi wamng'ono, ndipo owerenga amuona yekha akuvina pamvula. Chimenechi ndi chuma chimene wolemba m'Chichewa ali nacho: ka-, ti- ndi chi- amagwira ntchito ya afotokozi awiri kapena atatu pamtengo wa phatikizo limodzi.

Kusankha zigawo ziwirizo ndiye luso lenileni, ndipo kuli ngati kulumpha ngalande. Ikachepa kwambiri munthu amangoponda tsidya osazindikira kuti walumpha. Ikakula kwambiri amagweramo. Alakatuli a ku Japan amadzudzula kwambiri zigawo zoyandikana mopitirira, zimene china chimangofotokoza chinzake. Taonani iyi:

Chilimwe chino—
galu wasintha malo
kutsata mthunzi

Palibe cholakwika m'chinenero, koma mzere woyamba wawononga malo. Galu wotsata mthunzi watiuza kale kuti kukutentha. Chilimwe ndi chifukwa, mthunzi ndi zotsatira, basi nkhani yatha. Chotsani mzerewo, muikepo chinthu china chimene chinalipo nthawi imeneyo koma chosachokera ku kutentha:

Basi yachedwa—
galu wasintha malo
kutsata mthunzi

Tsopano muli munthu amene wadikira nthawi yaitali mpaka mthunzi wasuntha iye akuona. Muli kutopa, muli kutentha, muli nsanje pang'ono poona galu amene sakudikira kanthu. Zonsezi sizinalembedwe. Koma mukanati "Nkhondo yayamba" pamzere woyambawo, ngalande ikanakula moti owerenga ambiri sakanafika tsidya. Njira yoyesera ndi iyi: ikani "chifukwa" pakati pa zigawo ziwirizo. Zikalowana bwinobwino, zayandikana kwambiri. Mukalephera kupeza ulusi uliwonse ngakhale mutaganiza mphindi yathunthu, zatalikirana kwambiri.

Za sakura ndi chipale chofewa, yankho ndi lakuti ayi. Mawu a nyengo, amene Ajapani amati kigo, ali ndi mphamvu kwawoko chifukwa wolemba ndi owerenga anagwirizana kalekale za tanthauzo lake. Ali ndi mabuku otchedwa saijiki amene amasanja mawuwa m'magawo asanu: nyengo yophukira zomera, yotentha, yoyoyoka masamba, yozizira, ndi Chaka Chatsopano pachokha. Mgwirizanowu ndi wozama moti mlakatuli akangoti "mwezi" osawonjezera kanthu, aliyense amadziwa kuti ndi mwezi wa nyengo yoyoyoka masamba. Akati "maluwa" basi, ndiye sakura. Chule ndi wa nyengo yophukira. Mawu amodzi amabwera ndi fungo, kuwala ndi ndakatulo zonse zimene zinalembedwapo kale. Inu mukabwereka sakura, mwatenga dzina lokha, katundu wake watsala ku Japan, ndipo owerenga anu samva kanthu pakhungu.

Choncho mukufunika saijiki yanuyanu. Tengani kabuku, mupatule masamba awiri pa mwezi uliwonse. Muzilemba tsiku ndi chinthu chimene mwachiona koyamba chaka chimenecho, nthawi imene chachuluka, ndi tsiku limene mwazindikira kuti chasowa: mtengo wakutiwakuti wayamba maluwa, mbalame inayake yafika, achule ayamba kulira usiku, fumbi layamba kukhala pamasamba, anthu atulutsa mabulangete. Zochita za anthu ndi kigo ndithu. Mabuku a ku Japan ali ndi zigawo za moyo wa tsiku ndi tsiku ndi za zikondwerero, pambali pa zanyengo, nyama ndi zomera. Chinthu chikhale m'kabukumo ngati munthu wokhala kumene inu mukukhala angadziwe nthawi ya chaka pongomva dzina lakelo. "Mvula" payokha ndi yotakata kwambiri. "Mvula yoyamba" ndi sabata imodzi pachaka, ndipo aliyense amadziwa fungo lake. Dzina la mwezi musalidalire kwambiri, chifukwa December wa ku Tokyo ndi wozizira pamene wa ku Sydney ndi wotentha.

Kigo imodzi ndi yokwanira. Ziwiri za nyengo imodzi zimabwereza zomwezo, monga zinachitikira chilimwe ndi mthunzi pamwambapa, ndipo ziwiri za nyengo zosiyana zimakokana, owerenga osadziwa poima.

Tsopano kuwerengera kuja. Ajapani sawerenga maphatikizo monga amachitira Angelezi. Amawerenga timagawo ta mawu totalika mofanana. Lembo la liwu lotalika ndi magawo awiri, n womaliza ndi gawo payekha, moti dzina lakuti Tōkyō lili ndi magawo 4. N'chifukwa chake ambiri olemba m'Chingelezi amalemba zofupikirapo kuposa 17, poti phatikizo lawo limanyamula zambiri. Chichewa chili pafupi ndi Chijapani pankhaniyi, chifukwa maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu, ndiye 5-7-5 imatikhala bwino m'kamwa. Samalani pawiri pokha. M woyima yekha ndi phatikizo: m-thu-nzi ndi 3, m-ti-ma ndi 3, pamene mvu-la ndi mphe-po ndi awiriawiri. Ndiye kuti "kutsata mthunzi" ndi 6, osati 5. Ndausiya dala mzerewo, chifukwa ngakhale akatswiri a ku Japan amalola phatikizo loposa pamene mawu oyenera afuna choncho, ndipo kuupotoza kuti ukwane kukanauwononga. Pachiwiri ndi pa mvekero: phee, zii, mbuu, aliyense ndi awiri.

Vuto lathu ndi kutalika kwa aneni. "Ndikusangalala" yekha wadya 6. Haiku ya m'Chichewa imanyamula mawu 6 kapena 7 basi, choncho mneni mmodzi ndi wokwanira, ndipo ina imayenda bwino popanda mneni n'komwe, monga ya tinsapato ija. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi mawu odzazira: zedi, ndithu, kwambiri, -tu, -di, oikidwa kuti nambala ikwane. Owerenga amawamva msanga. Mzere ukaperewera, bwererani ku chinthu chimene munaona mukatengeko kanthu kena kooneka, mtundu wake, chiwerengero chake kapena malo ake. Mvekero ndi wothandiza chifukwa amadula yekha ndipo amalowa m'khutu mosapempha, koma mmodzi pandakatulo, ndipo asangobwereza zimene mneni wanena kale.

Kalembedwe kake kayambe ndi miyendo. Masaoka Shiki (1867–1902), amene anachititsa kuti ndakatuloyi iziima payokha ndi dzina lakuti haiku, poti kale inali hokku, ndime yotsegulira ndakatulo yaitali yolembedwa ndi gulu, ankalimbikitsa kujambula zimene maso akuona, njira yotchedwa shasei. Tulukani mphindi 20 kapena 30 ndi pepala. Lembani tizidutswa 10 ta zimene mwaona, mwamva, mwanunkhiza, osawerengera maphatikizo, osaika "ngati". Mukabwerera, sankhani kachidutswa kamodzi kamene kali ndi nyengo, mukayese pambali pa tina tonse kamodzikamodzi mpaka awiri agwirane. Lembani ngati zikuchitika pompano. Kenaka werengerani, konzani, muisiye igone. M'mawa muiwerenge mokweza ndi mpweya umodzi. Pamene lilime lapunthwa ndi pamene pali vuto. Mutu wa ndakatulo sufunika, ndipo mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere amakokera khutu kutali ndi chithunzi. Zambiri mudzataya, ndipo n'zoyenera: Kobayashi Issa (1763–1828) anasiya haiku zoposa 20,000, koma zimene anthu amaloweza n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengerocho.

Nthawi zina mudzapeza kuti mwalemba za khalidwe la anthu, nyengo mulibe:

Foni yalira—
anthu asanu onse
dzanja m'thumba

Musaikakamize kigo. Imeneyi ndi senryū, m'bale wake wa haiku, yotchedwa dzina la Karai Senryū wa m'zaka za m'ma 1700, ndipo ili ndi ulemu wakewake.

Mukakhala ndi anzanu atatu kapena anayi olemba, chitani zimene magulu a ku Japan amachita pamsonkhano wotchedwa kukai. Aliyense apereke ndakatulo zitatu zopanda dzina, mmodzi azikopere papepala limodzi kuti zolemba za munthu zisadziwike, aliyense asankhe zimene zamugwira kupatula zake, anene chimene waona m'maganizo, ndipo wolemba adziulule pomaliza. Mvetserani bwino zimene akunena. Akafotokoza chithunzi chosiyana kotheratu ndi chanu, zigawo zanu zatalikirana. Akangobwereza mawu anu omwewo osawonjezera kanthu, ndiye kuti "ndiye" uja akadabisala penapake m'ndakatuloyo ngakhale simunamulembe.