Yankho kwa msuweni pa za abusa aakazi

Halo... eee, zikujambula? Chabwino. Msuweni, funso lako lija ndaliona m'mawa uno. Wafunsa kuti bwanji ku Livingstonia ndi ku Blantyre kuli abusa aakazi koma kwathu ku Nkhoma sitinamuonepo, chikhalirecho tonse ndife a CCAP. Mmm. Iwe, wayamba liti kuganiza za masinodi pakati pa usiku? Ine ndinakubereka kumbuyo ulendo wa ku Mvera uja, ukulira njira yonse, ndiye usandibisire kanthu.

Dikira nditsitse mphikawu. Eya.

Poyamba uzidziwa kuti amene anabweretsa mipingoyi sanali anthu amodzi. A Livingstonia anachokera ku Scotland, anafika ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawavuta anapita ku Bandawe, kenako anakwera ku Khondowe. A Blantyre nawonso a ku Scotland, 1876. Athufe, a Dutch Reformed, anachokera ku South Africa, anakhazikika ku Mvera mu 1889. Anagawana madera, uyu kumpoto, uyu pakati, uyu kummwera. CCAP inadzabadwa mu 1924, ife a Nkhoma tinalowa 1925... ayi, 1926, pepa. Aliyense analowa ndi malamulo ake. Nchifukwa chake ngakhale amayi, ife timati Chigwirizano, a Blantyre amati Mvano, akumpoto Umanyano.

Koma ndikuuze za amalume aakulu, bambo ako aakulu aja. Iwe unawapeza atakalamba, sunawaone ali ndi mphamvu. Mkulu wa mpingo weniweni, jekete lakuda, njinga yopukutidwa Loweruka madzulo, Buku Lopatulika atalimanga pa kaliyala ndi mphira. Mau awo akayamba nyimbo, mbuzi zinkathawa pakhonde la tchalitchi. Ndipo pa nkhani ya amayi sankaseka. Ankati mkazi aphunzitse ana, alangize atsikana, asese m'tchalitchi, aphike pa maliro, koma kutsogolo kuja ayi. Ukukumbuka nkhani ya azakhali ndi belu ija? Eya, anali iwowo.

Ndiye maso anayamba ng'ala. Anabisa, munthu wonyada. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala kwawo, ndili sitandade 7, pambuyo pa zimene zinachitika kwathu zija. Lachisanu usiku ndinkamva kuchipinda mayi ako aakulu akuwerenga pa koloboyi. Akawerenga ndime, amalume nkubwereza. Akalakwitsa, mayi aja nkuti, ayi bambo, bwererani. Poyamba ndinkayesa akungowawerengera. Ayi ndithu. Ndime ankasankha ndi iwo. Poyambira, popumira, fanizo loti anthu akumudzi amve, onsewo anali mayi aja. Lamlungu amalume nkuima kutsogolo, Baibulo lotsekula m'manja koma osaona chilembo ngakhale chimodzi, mayi aja ali phee pamphasa, mbali ya amayi, milomo ikuyenda limodzi ndi ulaliki.

Ulaliki wa Rute ndi Naomi uja, umene anthu amaukambabe mpaka lero, wa pa maliro a agogo... ndinaumva ukupangidwa ine, masiku awiri maliro asanaikidwe, kuseri kwa nkhokwe.

Anadzapita ku chipatala cha Nkhoma, anawachotsa ng'ala, maso nkutseguka bwinobwino. Ukuganiza anasiya? Lachisanu lililonse koloboyi ankayakabe. Mayi aja atamwalira, amalume sanalalikirenso. Abusa anawapempha kangapo, anakana. Tsiku lina ndikuwapatsa madzi osamba anangoti, mwana wa mlongo wanga, ine ndinali pakamwa chabe, mlaliki tinamuika uja. Ndinalira. Mpaka pano ndikaganiza, mmm.

Koma pagulu sananenepo. Chimandipweteka nchimenecho.

Tsono iwe. Mayi ako anandiuza za mafomu a ku sukulu ya zaubusa ya ku Zomba. Usawakalipire, ndinachita kuwakakamiza. Ndipo ndikudziwa kuti ukupemphera ku mpingo wa Livingstonia kuno ku Lilongwe kuyambira chaka chatha, uthenga wa kwaya unatumiza molakwitsa pagulu pano uja tonse tinauona, tinangokhala chete. Hahaha, unafufuta mochedwa, mayi busa!

Chimene ukufunsa kwenikweni nchakuti, ukapita uko, kodi tidzati wataya mtundu, wasanduka Mtumbuka, wanyoza agogo amene anaumba njerwa za tchalitchi chakwathu? Ayi, msuweni. Pita ukaphunzire. Uchewa wako sunabwere ndi azungu a ku Mvera, anaupeza. Malire a masinodiwa anaika ndi amishoni, ife ndi amene tinadzawasandutsa malire a mitundu, mpaka kumakangana za Dwangwa ndi Kasungu ngati munda. Sindikunyoza amishoni ayi, sukulu, chipatala, Buku Lopatulika la 1922 m'chinenero chathu, zonsezo timayamika. Koma kunena kuti mkazi kutsogolera mapemphero si Chichewa, ayi, pamenepo ndikukana. Ku kachisi wa makolo wa ku Msinja anthu akafuna mvula ankapita kwa ndani? Kwa Makewana, mkazi. Sindikuti tibwerere ku kachisi, ndine wa Chigwirizano ine ndipo ndidzafera momwemo. Ndikungoti mtundu wathu, umene mwana amatsata kwa mayi, sunadabwepo kuona mkazi ali patsogolo.

Ndipo usaganize kuti kwinako zinangobwera zokha. Mu 1995 amayi a Sinodi ya Blantyre anaguba kukapereka madandaulo awo kwa akuluakulu, ena anaimitsidwa ntchito chifukwa cha zimenezo. Abusa aakazi anadzayamba kudzozedwa cha m'ma 2000. Ndiye kumeneko nako ukakumana ndi anthu onga amalume, konzeka mtima.

Koma pita, wamva? Kusamuka sinodi si kusamuka m'mimba mwa mayi ako. Sindikufuna iwenso udzakalambe pamphasa milomo ikuyenda, wina akulankhula mau ako.

Za bambo ako undisiyire ine, ndi malume anga, ndimadziwa powagwira. Ndikapita Loweruka ndi shuga ndi sopo, ndikayamba ndi nkhani ya akulu awo ndi koloboyi, chifukwa nawonso amaidziwa. Iwe dzaza mafomuwo. Ndati dzaza, usadikire Loweruka. Ndiwo zikupserera, tikamba madzulo.