Kodi malovu angaulule khansa ya m'kamwa?

Funso: Adokotala, bambo anga ali ndi chilonda m'mbali mwa lilime, mwezi watha chisanapole. Amasuta fodya, kachasunso amamwa. Ndinamva kuti khansa ya m'kamwa tsopano amaiyeza ndi malovu okha, osadula munthu. Tidikire zimenezo?
Mayi wa ku Kawale

Yankho: Musadikire mayi. Zomwe munamvazo zilipodi, koma zikadali pa kafukufuku.

Chotupa cha khansa chimataya tizinthu tina m'malovu, monga mapuloteni a IL-6, IL-8 ndi CD44, komanso tizidutswa ta RNA (tinthu ta m'maselo tonyamula malangizo opangira mapuloteni). Woyezedwa amakhala ola lathunthu osadya, osasuta, osatsuka mano. Amachukucha m'kamwa ndi madzi, kenako n'kulavulira m'kabotolo kwa mphindi 5 mpaka 10. Kabotoloko kamakhala pa ayezi mpaka ku labu, ndipo kumeneko amasunga malovuwo pa -80°C, chifukwa akangofunda RNA imawonongeka.

Vuto lagona apa: matenda a nkhama nawonso amakweza IL-6 ndi IL-8. Munthu amene nkhama zake zimatuluka magazi akamatsuka mano akhoza kuoneka ngati ali ndi khansa pomwe alibe. Wina ali nayo, zotsatira n'kubwera zabwinobwino. Chotsimikizira ndi biopsy basi. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amadula kanyama kochepa ngati njere ya chimanga m'mphepete mwa chilondacho, n'kukakaunika pa maikulosikopu. Anthu amaopa kuti kudulako kumafalitsa matenda. Chimene chimapatsa khansa mpata ndi kuchedwa.

Chilonda cha m'kamwa chikapitirira milungu iwiri kapena itatu, chikufunika kuonedwa ndi a mano. Madzulo ano sambani m'manja, yatsani tochi ya pafoni, abambo atulutse lilime. Onani m'mbali monse ndi kunsi kwake. Chilonda cha m'mphepete molimba, banga lofiira, kapena loyera losachoka mukalipukuta, zonsezi n'zodetsa nkhawa. Papasaninso m'khosi, mumve ngati muli mwanabere wolimba wosapweteka. Mabanga ofiirira kumwamba kwa kamwa amatha kukhala Kaposi sarcoma, khansa yomwe imagwira kwambiri anthu amene ali ndi HIV, choncho kuyezetsa HIV n'koyenera.

Mawa apiteni nawo kuchipatala chapafupi ndi buku lawo, mupemphe kalata yopita ku gawo la mano ku Kamuzu Central Hospital, komwe kulinso labu younika zinyama zotere. Nenani tsiku limene chilondacho chinayamba, ndipo za fodya ndi mowa musabise. Asathirepo mankhwala owotcha, ndipo ngati pali dzino losongoka lomwe likukhula lilime pamalopo, mulionetse kwa adokotala.